Kukonzanso malo a bowling a apongozi anga ku Wisconsin, 2024 mpaka 2025

Malo athu ali m'katauni kakang'ono pakati pa Wisconsin, ku America. Ndi chinyumba chimodzi chachitali cha njerwa, ndipo m'kati mwake muli maleni 16 a bowling, bala ndi khitchini. Anamanga ndi agogo aamuna a mkazi wanga mu 1962. Iwo atamwalira apongozi anga anapitiriza, ndipo pano udindo ukulowa m'manja mwa mkazi wanga. Ine mbali yanga ndi makina ndi magetsi, ntchito imene ndinaiphunzira kwathu ku Malawi ndisanabwere kuno. Zimene ndalemba pano ndazikopera m'kope limene limakhala kuseri kwa makina, ndipo ndalama zonse ndi madola a ku America.

Kwa amene sanaonepo masewerawa: munthu amagubuduza mpira wolemera mpaka makilogalamu 7 ndi pang'ono pa leni yosalala, yotalika mamita 18 kuchokera pamzere woponyera kufika pa pini yoyamba, kuti agwetse mapini 10 oimikidwa kumapeto. Kuseri kwa khoma kuli makina amene amasesa mapini ogwa, kuimikanso otsala ndi kubweza mpira. Makinawo akaima, bizinesi yonse yaima.

Febuluwale 2024

Chimene chinatikhazika pansi ndi kalata. Munthu wina wogula nyumba ankafuna malowa kuti awasandutse mosungiramo katundu, ndipo mtengo umene anatchula sunali wamasewera. Alamu anga awiri, wina amakhala ku Madison wina ku Minneapolis, anati nkhaniyi ikambidwe pabanja. Sanalakwe. Malo ngati athu akutsekedwa m'matauni ambiri m'dziko muno, ndipo ena akugulidwa ndi makampani akuluakulu monga imene mpaka 2024 inkatchedwa Bowlero, imene inatenga malo a bowling a makampani a AMF ndi Brunswick kenako n'kugula bungwe la akatswiri la PBA mu 2019. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anthu olembetsa m'maligi ankaposa 9 miliyoni, koma lero bungwe la USBC, limene limayang'anira masewerawa m'dziko muno, lili ndi mamembala pafupifupi miliyoni imodzi yokha.

Mabuku athu anaonetsa kuti maligi a Lolemba mpaka Lachinayi ndi amene amabweretsa pafupifupi theka la ndalama, mukawerengera ndi zimene osewerawo amagula pabala. Koma ambiri mwa iwo ndi a imvi. Mavuto a nyumbayo anali atatu. Denga linkadontha pakona yakumbuyo. Maleni anali atatha. Maleni akale amapangidwa ndi timatabwa ta maple ndi paini toimika cham'mbali n'kukhomeredwa pamodzi, ndipo pakapita zaka zingapo amawapala n'kuwapakanso vanishi. Kupala kulikonse kumadya thabwa, ndiye athu anafika poti mitu ya misomali yayamba kusuzumira ndipo wopala anakana kuwakhudzanso. Vuto lachitatu linali makina. Ndi a Brunswick A-2, a m'zaka za m'ma 1960, makina olimba amene agwira ntchito zaka 60, koma amene ankawadziwa mpaka kumtima anali munthu mmodzi yekha, apongozi anga a zaka 70.

Agogo aakazi, amene ali ndi zaka 91 ndipo Lachisanu lililonse amakhalabe pakauntala ya nsapato, anangoti, "Mukafuna kugulitsa, mudikire ndiyambe ndapita." Nkhani yogulitsa inathera pomwepo. Imene inatenga nthawi ndi ya makina. Mkazi wanga ankafuna tichotse onse 16 tiike a zingwe, amene pini iliyonse imamangidwa kachingwe ka nayiloni kumutu ndipo makina amangokoka zingwezo n'kutsitsanso mapini. Apongozi anati makina awo sanagonetsepo banja ndi njala. Mkazi wanga anafunsa, "Nanga Bambo, inu mukadwala mawa, akonza ndani?" Sanayankhe msanga.

Tinagwirizana kugawa pakati. Maleni 1 mpaka 8 akhale ndi ma A-2, 9 mpaka 16 alandire a zingwe, ndipo makina 8 ochotsedwawo akhale nkhokwe ya zipangizo za otsalawo. Tinaika $58,000 ya denga, $136,000 ya mapanelo atsopano oyala pamwamba pa maleni onse, $104,000 ya makina a zingwe, $15,000 ya makina akaunjika opakira mafuta pamaleni, ndi $27,000 ya zadzidzidzi. Zonse pamodzi $340,000. Banja linali ndi $70,000.

Malichi ndi Epulo 2024

Banki ya m'tauni inavomera kutibwereka $270,000 kudzera mu pulogalamu ya SBA 7(a), imene boma limaimira mbali ina ya ngongole. Chiwongoladzanja ndi 11 peresenti, kubweza zaka 10, kutanthauza $3,700 ndi kakuti mwezi uliwonse, kaya kuli anthu kaya kulibe.

Koma asanasaine anafunsa funso limene m'banja munalibe amene analifunsapo mokweza: mwini wake wa bizinesiyi ndani? Nyumba inali m'dzina la agogo, laisensi ya bala m'dzina la apongozi, ndipo ana atatu aliyense ankaganiza zake mumtima. Loya ndi wowerengera ndalama anatidyera $7,500 imene sinali pabajeti, ndipo pa ndalama zonse za ntchitoyi iyi ndi imene ndikuiona kuti inagwira ntchito yaikulu. Anapanga makampani awiri. Ina ili ndi nyumba ndi malo, eni ake ndi ana onse atatu mofanana, ndipo imalandira lendi mwezi ndi mwezi. Ina ndi imene imayendetsa bowling, bala ndi khitchini, ndipo masheya ake ndi a okhawo amene amagwiramo ntchito. Analembanso kuti wina akafuna kutuluka, kapena akamwalira, abale ndiwo oyamba kugula gawo lake, ndipo mtengo uziwerengedwa motani. Alamu anga a ku Minneapolis, amene poyamba ankafuna kugulitsa, atangoona kuti gawo lawo lalembedwa papepala ndipo lendi izibwera, anakhala oyamba kudzathandiza kunyamula zitsulo m'mwezi wa Juni.

Ine dzina langa silili pa kampani iliyonse. Loya anafunsa ngati ndikufuna, ndinati ayi. Kwathu mkamwini amalima munda wa kuchikazi ndi mtima wonse, podziwa kuti mundawo ndi wa mkazi wake ndi ana ake, ndipo ine ndi momwe ndikuonera malowa. Ndimalandira malipiro a ntchito yanga, ndipo analembedwanso.

Kenako tinaitana alembi a maligi onse. USBC inayamba kuvomereza masewero a pamakina a zingwe pa 1 Ogasiti 2023, koma osewera akale ambiri sawafunabe. Amati mapini a zingwe sauluka mofanana ndi omasuka, ndipo nthawi zina chingwe chimagwetsa pini imene mpira sunaikhudze. Sitinatsutsane nawo. Vuto linali ligi ya Lachiwiri, imene ili ndi matimu 14 ndipo imafuna maleni 14 nthawi imodzi. Anavomera kugawikana, matimu 8 aziyamba 6 koloko madzulo ndipo 6 aziyamba hafu pasiti 8, onse pamaleni akale. Ligi ya okalamba ya Lachinayi m'mawa inadzipereka yokha kupita kuzingwe. Mayi wina wa mu ligiyo anati iwo atopa ndi kudikira makina akatsamwa.

Meyi 2024

Maligi atatha tinatseka maleni, bala yokha n'kumatsegulabe. Okhoma denga atafukula lakale anapeza kuti pakona yakumbuyo zotchinga kuzizira zinali zonyowa ngati siponji, ndipo madzi akhala akutsika m'kati mwa khoma kwa zaka. Denga lenilenilo linatha pamtengo umene tinapangana, la labala yakuda yomata. Koma madziwo anapita kuti?

Tinakwawa pansi pa maleni ndi tochi. Leni siigona pasimenti, imakhala pa mitanda ya matabwa, ndipo pansi pa 13 mpaka 16, chakumapeto kumene kumaima mapini, mitandayo inali yofumbwa moti sikuludiraiva inkalowa popanda kukankha. Pamwamba sipankaoneka kanthu. Tikanayala mapanelo a $8,500 pa leni iliyonse pamenepo, akanabwafuka chaka chisanathe. Akalipentala anadula mbali yakumapeto ya maleni anayiwo, kuika mitanda yatsopano ya matabwa othiridwa mankhwala pamwamba pa pepala lotchinga chinyontho, n'kumanganso. Zinadya $19,400. Amene mukufuna kuyala chatsopano pamwamba pa chakale, yambani mwalowa pansi musanaitanitse katundu.

Zidutswa zabwino za maleni odulidwawo sitinataye. Kuno anthu amazifuna popangira matebulo, ndipo zinagulidwa $3,600. Chimodzi chinatsala, pano ndi tebulo la pabala.

Juni 2024

Mwezi wonse unathera pakumasula makina 8. Tinali atatu: apongozi, ine ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 19, amene akuphunzira zamakina ku koleji yaumisiri. A-2 imayendetsedwa ndi mota imodzi yokha, ndipo mphamvu yake imagawidwa ndi malamba, giya bokosi ndi timikono tachitsulo tambirimbiri kupita ku gudumu lokweza mapini, ku chozungulira chimene chimawasanja, ku thebulo lowatsitsa ndi ku chosesera. Chilichonse chimadikira chinzake. Ukamasula mosaganiza umatsala ndi mulu wa zitsulo zosadziwika kwawo.

Ndiye tinachita pang'onopang'ono. Chitsulo chilichonse apongozi ankachigwira, kuchizunguza m'manja, n'kunena kuti ichi chisungidwe, ichi chipite. Mwana wathu ankalemba nambala ya leni ndi dzina la chitsulocho pakapepala n'kumangirira ndi waya. Tinakhoma mashelefu kuseri ndi matabwa otsala. Magiya bokosi 5 abwino, mamota 6, zozungulira 4 ndi makatoni a timasipuling'i ndi mabering'i zinakwera pamenepo. Zina zinagulidwa ndi eni malo ena a bowling a m'matauni oyandikana, pamodzi ndi zitsulo zopita kokasungunula zinabweretsa $5,200.

Tikumasula makina a leni 12 tinapeza manambala olembedwa ndi pensulo pathabwa la m'mbali, miyezo imene agogo aamuna analemba okha. Apongozi anakhala pansi pa ndowa kwa kanthawi. Thabwalo tinalidula bwinobwino ndipo lili mu ofesi. Tsiku limenelo sitinapitirize.

Zopinga zinali ziwiri. Khomo lakumbuyo linachepa, mpaka tinachotsa felemu yake kuti mafelemu a makina atuluke. Kenako woyendera zamagetsi wa m'tauni ataona mawaya akale okutidwa ndi nsalu amene ankapita kumakinawo, anati atsopano salumikizidwa pamenepo. Ndinagwirizana naye, mawayawo anali ouma moti ukawapinda ankathetheka. Malamulo a kuno amafuna kuti ntchito yotere isainidwe ndi wamagetsi wa laisensi ya boma lino, ndiye ndinagwira naye limodzi kuti mtengo utsike. Bokosi latsopano, mapaipi ndi mawaya zinakwana $6,800.

Makina a zingwe anafika mochedwa ndi masabata atatu, ndipo bokosi limodzi linalibe zomangira. Oika anadikira, ifenso tinadikira.

Julayi 2024

Mapanelo ndi zinthu zolimba zopanikizidwa kufakitale, zojambulidwa ngati matabwa 39 a leni yeniyeni. Sayalidwa tsiku limene afika. Amayamba agona m'nyumbamo kuti azolowere mpweya wa mmenemo, apo ayi amadzafufuma kapena kukhwinyata atakhomedwa kale. Oyala anapala matabwa akale komaliza kuti alingane, n'kumanga mapanelo ndi masikuluwu. Ntchito yawo inali yaukhondo.

Vuto linatulukira poyeserera. Woponya mpira amatsetsereka ndi phazi limodzi asanafike pamzere, ndipo nsapato za bowling zimapangidwira zimenezo. Pamapanelo athu atsopano phazi linkangokakamira. Mwana wathu anagwa chafufumimba mpira uli m'manja, mwamwayi sanavulale. Tinayamba taganiza kuti ndi fumbi la ntchito, tinakolopa, osasintha. Ndinagula kachipangizo koyezera chinyontho ka $15, n'kuonetsa 68 peresenti. Julayi wa ku Wisconsin ndi wotentha ndi wachinyezi, ndipo makina athu oziziritsa mpweya ankaziziritsa koma osaumitsa mokwanira. Matabwa akale ankamwako chinyonthocho, pamene mapanelo samwa kanthu, chimangokhala pamwamba. Tinaika makina oumitsa mpweya olumikizidwa ku mapaipi a mpweya, $11,200. Atayenda masiku ochepa chinyontho chinatsikira cha m'ma 45 ndipo phazi linayamba kutsetsereka.

Panabweranso $4,900 ya mabokosi olumikizira makina a zingwe ndi kompyuta yathu yakale yowerengera zigoli. Wogulitsa sanaitchule pachiyambi. Pofika apa ndalama ya zadzidzidzi inali itatha kalekale. Zowonjezera zonse zinakwana $49,800, ndipo titachotsa $8,800 ya zimene tinagulitsa ndi $27,000 ija, tinapereweredwa $14,000. Apongozi anagulitsa boti lawo lophera nsomba pa $12,500 osauza munthu, tinangoona pabwalo palibe. Yotsalayo inachokera pabala.

Ogasiti 2024

Kuti zigoli za maligi ziwerengedwe, maleni ayenera kuyezedwa ndi a USBC. Muyezo wake ndi wothina: leni isapendekeke kapena kubwafuka kupitirira 0.040 ya inchi m'lifupi mwake, ndiko kuti milimita imodzi. Maleni 14 anadutsa. A nambala 14 ndi 15 analephera chakumapeto, pomwe paja panaikidwa mitanda yatsopano. Matabwa othiridwa mankhwala amabwera onyowa, ndipo makina oumitsa mpweya aja anawaumitsa mpaka anakhwinyata n'kutsika. Oyala anabweranso, kumasula mapanelo, kulowetsa timapepala tolimba pansi mpaka zinalingana. Sanatilipiritse. Chikanakhala chabwino kugula matabwa oumitsidwa kale mu uvuni ngakhale ali odulirapo.

Makina opakira mafuta tinagula $14,300 kwa malo ena amene ankatseka. Anakhala nthawi osagwira ntchito, ndiye mafuta akale anali ataundana m'timapaipi. Timapaipi, sefa ndi bulashi zatsopano zinali $640. Anthu ambiri sadziwa kuti leni imapakidwa mafuta tsiku lililonse, pafupifupi mamililita 23 okha, ambiri pakati ochepa m'mbali, kuyambira pamzere mpaka mamita 12. Pamafutapo mpira umatsetsereka, ukafika pouma umagwira n'kukhota kulowa m'mapini. Kale apongozi ankadziwa leni iliyonse ndi khalidwe lake. Tsopano tonse tinali ophunzira.

Seputembala ndi Okutobala 2024

Maligi anayamba itangodutsa holide ya Labor Day. Sabata yoyamba inali yowawa. Anthu amene kwa zaka 20 akhala akuima pamalo amodzi n'kuponya pamzere umodzi anapeza mpira ukupitirira osakhota. Zigoli zinatsika, nkhope zinagwa, ndipo ena anayamba kunena kuti tawononga malowa. Chifukwa chake n'chakuti matabwa otha aja anali okhakhala, ankagwira mpira msanga, pamene mapanelo ndi olimba ndi osalala, ndipo mafuta samalowa pansi koma amakankhidwa ndi mipira kupita kutsogolo.

Apa ndi pamene ndinaona kufunika kwa apongozi kuposa pa sipanala. Usiku uliwonse ankakhala kumbuyo kwa osewera, kuonera mipira, osalankhula. M'mawa ankabwera kwa ine n'kunena, "Tafupikitsaniko pang'ono, ndipo m'mbalimu muchepetse." Tinkasintha chinthu chimodzi, kudikira sabata, kuona mapepala a zigoli. Tinatsitsa mafuta kuchoka pa mamita 12 kufika pa 11 ndi theka, tinachepetsa m'mbali, ndipo tinawonjezera mphamvu ya sopo wotsukira chifukwa mafuta a dzulo ankatsalira. Apongozi anaikanso tebulo pakhomo n'kumakwecha mipira ya anthu ndi sandipepa yosalala, ulere, kuti izigwira bwino. Pakutha pa Okutobala zigoli za ambiri zinabwerera, ena mpaka kuposa kale. Timu imodzi inasamukira kutauni ina ndipo sinabwerere. Anali anthu a zaka zambiri pamalo pano, ndipo zinatipweteka.

Kuzingwe mavuto anali ang'onoang'ono. Zingwe zatsopano zimatamuka, ndiye masabata oyamba mapini ena ankatera mopendekeka mpaka tinazikokanso zonse. Zikapotana makina amayesa okha kuzimasula pokweza ndi kutsitsa, ndipo akalephera munthu amapita n'kumasula ndi manja. Chingwe chimadyeka pamene chalowa m'mutu wa pini, ndiye Lolemba lililonse timayendera zonse 80, kudula podyekapo n'kumanganso mfundo. Ntchito imeneyi wachinyamata aliyense wa pakauntala amaiphunzira madzulo amodzi.

Disembala 2024

Ndalama zatsopano zinayamba kuoneka mwezi uno. Mapanelo amawala akawalitsidwa ndi magetsi a buluu aja a m'madansi, ndiye Lachisanu ndi Loweruka usiku timazimitsa magetsi oyera kumaleni 9 mpaka 16 n'kuika nyimbo. Masana a Loweruka ndi maphwando a ana okumbukira tsiku lobadwa, titakweza zotchinga za m'mbali kuti mpira usagwere mungalande. Makampani a m'tauni anabwera ndi maphwando a Khirisimasi. Kale zimenezi tinkaziopa, chifukwa ana amaponya mpira chosesera chisanakwere ndipo makina akale amafuna mmisiri pafupi. Pano mkazi wanga amalandira maphwando awiri nthawi imodzi ine ndili kunyumba.

Khitchini ndi imene inatsalira. Ku Wisconsin Lachisanu ndi tsiku la nsomba yokazinga, ndi mwambo wa aliyense, ndipo agogo akhala akuusunga chiyambire. Titaphatikiza anthu a nsomba ndi a maphwando, chokazingira chimodzi chinalephera, mafuta ankazizira ndipo anthu ankadikira mpaka kunyanyala. Tinagula china chakaunjika $1,900, koma chisanayatsidwe anayenera kubwera a zozimitsa moto kudzawonjezera kapaipi kake pamwamba, $750 ina.

Tinayesapo kulandira phwando Lachitatu usiku, ligi ili mkati mbali inayo. Nyimbo ndi kukuwa kwa ana sizinayende ndi anthu amene akuwerengera pini iliyonse. Mkazi wanga anaika lamulo: Lolemba mpaka Lachinayi madzulo nyumba yonse ndi ya maligi, magetsi oyera, nyimbo pansi. Tikutayapo ndalama pang'ono, ndipo ndikugwirizana nalo lamuloli. Anthu a maphwando amabwera kamodzi pachaka, pamene a ligi amabwera masabata oposa 30 motsatizana, ngakhale kunja chisanu chitafika m'mawondo, ndipo ndi amene anatigulira chakudya cha pawindo mu 2020 pamene malo onse anatsekedwa chifukwa cha Covid-19.

Bilu ya magetsi yatsika ndithu, chifukwa makina a zingwe amayenda pokhapokha mpira ukaponyedwa, pamene mota ya A-2 imazungulira nthawi yonse imene leni yayatsidwa. Koma makina oumitsa mpweya adzadyako mbali ina ikafika nyengo yotentha.

Febuluwale 2025

Funso la mkazi wanga lija linafika. Apongozi anachitidwa opaleshoni ya bondo ndipo dokotala anawaletsa kukwera pamakina mpaka nyengo itatha. Lachiwiri lina, ligi ili pakati, makina a leni 5 anayamba kuima pakati pa ulendo, thebulo la mapini lili lendelende. Ndinayang'ana malamba, ndinayang'ana zotsekera, zonse zili bwino. Mwana wathu anaimbira agogo ake pa vidiyo. Iwo sanafune n'kuona komwe. Anati, "Sendeza foni pafupi ndi giya bokosi, ndiye bambo ako ayatse." Atamvetsera kawiri anati kilatchi yatha, ikuterereka, ndipo yabwino ili pashelefu yachiwiri, yochokera pa leni 10. Inalidi pomwepo ndi kapepala kake. Tinasamutsira matimu awiri amene ankasewera pamenepo ku gulu la hafu pasiti 8, pamene pamakhala maleni awiri opanda anthu, ndipo tinasintha kilatchiyo usiku womwewo titatseka.

Zimenezi zinationetsa kuti kuchotsa theka la makina kunachepetsa ntchito koma nzeru zinali zikadali m'mutu umodzi. Masabata amene apongozi anali pampando tinawagwiritsa ntchito. Madzulo alionse mwana wathu ankapita kunyumba kwawo ndi kope, ndipo ankadutsa makina amodzi amodzi: leni 2 imachedwa kutulutsa pini kukazizira, leni 7 imafuna girizi kawiri kuposa zinzake, phokoso lakuti likutanthauza chakuti. Mabuku a fakitale tili nawo, koma izi mulibe. Anajambulanso pafoni kulira kwa makina alionse ali bwino, kuti tikamva zachilendo tizifananiza. Apongozi poyamba ankati palibe cholemba, zonse n'zodziwikiratu. Kope loyamba linadzaza, pano ali pa lachiwiri, ndipo ndi iwo amene amaimba foni kufunsa ngati mdzukulu akubwera.

Tinakhwimitsanso lamulo la chitetezo. Aliyense wolowa m'makina amazimitsa pa switchi, kukhomapo loko wake, kiyi n'kuika m'thumba. A-2 siidziwa kusiyanitsa pini ndi mkono wa munthu. Maloko anayi ndi zokolekera zake anali $60.

Meyi 2025

Maligi atha ndipo wowerengera ndalama watipatsa mapepala. Ndalama za maligi zatsika pang'ono chifukwa cha timu inachoka ija ndi anthu awiri amene anamwalira m'nyengoyi. Za maphwando ndi osewera wamba zakwera kwambiri moti zakwirira kutsikako n'kulipira ngongole mwezi uliwonse osaphonya, ndipo alamu anga alandira lendi yawo yonse. Chotsala m'thumba n'chochepa. Juni mpaka Ogasiti anthu a kuno amakhala kunyanja ndi kumisasa, ndiye miyezi itatu ikubwerayi ndi imene itiyese, popeza banki siidziwa nyengo. Talembetsa ku pulogalamu ya Kids Bowl Free, imene ana amasewera magemu awiri aulere tsiku lililonse m'nyengo yotentha. Phindu lake limachokera pa nsapato zobwereka, zakudya ndi makolo operekeza, komanso tikufuna ana ena mwa amenewa adzalowe ligi ya achinyamata ya Loweruka m'mawa, imene mkazi wanga akuyambitsa mu Seputembala.

Apongozi asamutsira masheya ena kwa mkazi wanga, moti tsopano ali ndi oposa theka m'kampani yoyendetsa. Mawu omaliza pa ndalama ndi ake. Pa mafuta a maleni akadali a bambo ake.

Ligi ya okalamba yapempha kukhalabe kuzingwe, ndipo ligi ina ya mabanja yafunsa ngati ingayesere chaka chamawa. Ya Lachiwiri yanenetsa kuti isakhudzidwe. Ma A-2 asanu ndi atatu akhalapo malinga zipangizo zili pashelefu ndipo pali wowadziwa. Makanema owerengera zigoli ndi akale ndipo awiri akuthima okha, koma atsopano akufuna ndalama zoposa $50,000, ndiye adikira 2026. Chaka chino tikugula mapini atsopano a maleni 1 mpaka 8, chifukwa A-2 iliyonse imayenda ndi mapini 20 ndipo athu ayamba kung'aluka m'munsi, komanso nsapato za ana mapeya 40. Giya bokosi ya leni 3 yayamba kudontha mafuta. Tiitsegula mu Juni, ndipo ntchitoyo aigwira ndi mwana wathu, agogo ake ali pampando pambali pake.